Olds Motor Works, 1897 mpaka 1908: kampani imene inapulumuka moto koma n'kutaya mwini luso

Lipoti ili likunena za kampani yopanga galimoto ya Olds Motor Works ya ku Michigan, m'dziko la America, kuchokera pamene inayamba kufikira pamene inagulidwa ndi General Motors. Ntchito yanga ndi yolangiza amisiri amene luso ali nalo koma mpamba alibe, ndipo akuganiza zolowa m'bizinesi limodzi ndi munthu wa ndalama. Funso limene amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti, luso ndi ndalama zikayambana, wotsala pakhomo amakhala ndani? Ku Olds funsoli linayankhidwa mu Januwale 1904, ndipo n'chifukwa chake ndinakhala pansi n'kuilondola nkhaniyi bwinobwino.

Mmisiri wa ku Lansing

Ransom Eli Olds anabadwa pa 3 Juni 1864 ku Geneva, m'chigawo cha Ohio. Bambo ake, Pliny Olds, anali wosula zitsulo ndi wokonza makina. Mu 1880 banjali linasamukira ku Lansing, likulu la Michigan, ndipo kumeneko anatsegula shopu yopanga mainjini ang'onoang'ono. Ransom anakulira m'shopumo, ndipo atangokwanitsa zaka 21 anagula gawo la mkulu wake n'kukhala mnzawo wa bambo ake pa bizinesi. Dzina la shopuyo linali P. F. Olds & Son.

Ambiri akamafotokoza za anthu oyamba kupanga galimoto amawajambula ngati amphawi ogogoda zitsulo kuseri kwa nyumba. Olds sanali wotero. Mainjini a nthunzi amene ankapanga, kenako a petulo, ankagulidwa bwino ndi eni mashopu, osindikiza mabuku ndi eni maboti, ndipo phindu la mainjiniwo ndi limene linkalipira zoyesayesa zake. Mu 1887 anapanga galimoto ya nthunzi ya mawilo atatu, yaphokoso ndi yosadalirika. Yachiwiri, imene magazini ya Scientific American inaifotokoza mu 1892, inali yabwinoko, moti inagulidwa ndi kampani ina imene inkafuna kuitumiza ku Bombay, ku India. Pofika 1896 anali atasiya nthunzi n'kupanga galimoto yake yoyamba ya petulo.

Pa 21 Ogasiti 1897 anthu a ndalama a ku Lansing, motsogozedwa ndi Edward W. Sparrow, anakhazikitsa Olds Motor Vehicle Company ndi mpamba wolembedwa wa madola 50,000. Kampaniyi inangopanga galimoto zowerengeka pa zala. Ndalama zinali zochepa, malo opangirapo analibe akeake, ndipo Olds mwiniyo nthawi yambiri inkathera ku mainjini, kumene kunali chakudya.

Kubwera kwa banja la Smith

Samuel L. Smith anali mkulu wolemera wa ku Detroit amene anapeza chuma chake pa migodi ya mkuwa ndi malonda a matabwa. Anali kale ndi masheya m'kampani ya 1897, ndipo anali ndi ana aamuna awiri, Frederic ndi Angus, amene ankafuna kuwapezera bizinesi. Pa 8 Meyi 1899 kampani ya galimoto ndi kampani ya mainjini anaziphatikiza n'kupanga Olds Motor Works, ndi mpamba wolembedwa wa madola 500,000. Ndalama zatsopano zambiri zinatuluka m'thumba la Smith. Iye anakhala pulezidenti, Frederic anakhala mlembi ndi msungichuma, ndipo Olds anapatsidwa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti ndi woyang'anira ntchito yonse. Anamanga fakitale ku Detroit, pa msewu wa Jefferson Avenue, pafupi ndi mlatho wopita ku chilumba cha Belle Isle.

Tsiku limeneli ndi limene ndimauza amisiri kuti aliyang'anitsitse kuposa tsiku limene fakitale inadzapsa mu 1901. Olds anabweretsa dzina lake, luso lake, ndi bizinesi ya mainjini imene inkapanga kale phindu. Anatuluka ndi udindo waukulu koma ndi masheya ochepa poyerekeza ndi a banja la Smith. Udindo amakupatsa ndi anthu ndipo angathe kukulanda pa msonkhano umodzi. Masheya ndi amene amavota. Pa nthawiyo zimenezi sizinaoneke ngati vuto, chifukwa Samuel Smith ankamukhulupirira Olds ndipo sankalowerera za m'fakitale.

Zaka ziwiri zoyambirira ku Detroit zinali zosokonekera. Olds ankayesa chilichonse: galimoto zazikulu za petulo, zazing'ono, ndi za magetsi. Pofika kumayambiriro kwa 1901 anali ndi mitundu yoyeserera pafupifupi 11, koma yogulitsidwa inali yochepa, ndipo mbali ya galimoto inkadya ndalama zimene mbali ya mainjini inkabweretsa. Sindimuimba mlandu kwambiri pa zimenezi. Mu 1900 palibe ankadziwa ngati galimoto ya m'tsogolo idzayendera nthunzi, batire kapena petulo, ndipo ku America za nthunzi ndi za magetsi zinali zochuluka kuposa za petulo.

Moto wa pa 9 Malichi 1901

Loweruka pa 9 Malichi 1901 fakitale ya pa Jefferson Avenue inapsa. Nkhani imene inafala pambuyo pake ndi yokoma kuimva. Amati mnyamata wolemba maola a antchito, James J. Brady, anakankhira panja kagalimoto kamodzi kokha, kakang'ono ka thabwa lopindika kutsogolo, ndipo popeza zina zonse zinasanduka phulusa, kampani inalibe chochitira mwina koma kupanga komweko. Motero, amati, moto ndiwo unasankhira Olds galimoto imene inamutchukitsa.

Ofufuza mbiri amene anaona zolembedwa za kampani anapeza kuti nkhaniyi anaikometsera. Galimoto yaing'onoyo inali itasankhidwa kale moto usanabuke, anali atayamba kuilengeza, ndipo maoda anali atayamba kulowa. Chimene moto unachita n'kudula mkangano wa mitundu ina ija ndi kukakamiza kampani kusintha kapangidwe ka zinthu. Ndimaitchula nthanoyi chifukwa ndaona amisiri akuitenga ngati umboni wakuti mwayi ndiwo umapanga bizinesi. Kuno chisankho chinalipo kale, moto unangochifulumizitsa.

Galimoto yake

Galimotoyi ankaitcha Curved Dash Oldsmobile chifukwa cha thabwa lopindika la kutsogolo, longa la pa ngolo yokokedwa ndi akavalo, limene linkatchinga matope. Inali ya anthu awiri. Injini yake inali ya silinda imodzi yokha, yogona pansi pa mpando, yozizira ndi madzi, ya mphamvu ya akavalo pafupifupi 4 ndi theka monga ankayezera. Inali ndi magiya awiri opita kutsogolo ndi limodzi lobwerera, ndipo mphamvu inkafika ku mawilo akumbuyo kudzera pa tcheni, monga njinga. Chiwongolero chozungulira inalibe. Woyendetsa ankagwira ndodo yopindika, ngati ya bwato la injini. Poliza ankapukusa chogwirira chimene chinali pambali pa mpando. Masipuling'i aatali awiri ankayenda m'mbali kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kumagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: kunyamula thupi la galimoto ndi kuchepetsa mabampu. Ikathamanga kwambiri inkafika makilomita pafupifupi 30 pa ola.

Makaniko aliyense akaona mndandanda umenewu amaseka, koma nzeru yake inali pomwepo. Misewu ya kunja kwa mizinda ya America nthawi imeneyo inali ya dothi, mvula ikagwa matope okhaokha. Galimoto yopepuka, yautali kuchoka pansi, ikatitimira anthu awiri ankatha kuitukula. Ikawonongeka, wosula zitsulo wa m'mudzi ankatha kuikonza chifukwa zamkati zinali zochepa. Mtengo wake unali madola 650, pamene galimoto zambiri za petulo zinkapitirira madola 1,000. Tisanamizane kuti inali ya aliyense: wantchito wamba wa m'fakitale madola 650 sankawapeza ngakhale pa chaka chathunthu. Ogula anali madokotala oyendera odwala m'midzi, amalonda oyendayenda ndi eni mashopu, anthu amene kale ankasunga kavalo ndi ngolo.

Kugawa ntchito kwa amisiri ena

Gawo ili ndi limene lili ndi mnofu wambiri pa nkhani yonseyi. Fakitale itapsa, maoda ali m'manja, Olds sakanadikira kumanga kaye zonse. Anazungulira mashopu a mu Detroit n'kugawa ntchito. Mainjini ambiri anawapereka kwa Henry Leland wa kampani ya Leland & Faulconer. Magiya anawapereka kwa abale awiri, John ndi Horace Dodge, amene anali ndi shopu ya makina. Zoziziritsira injini ndi zina za malata zinapita kwa Benjamin Briscoe. Matupi a galimoto ankapanga a C. R. Wilson Body Company, amene kale ankapanga ngolo. Olds Motor Works inatsala ndi ntchito yolumikiza, kuyesa ndi kugulitsa.

Ubwino wake unaoneka msanga. Kampani sinafunike kukwirira ndalama zambiri m'makina, ndipo galimoto zinayamba kutuluka miyezi yochepa chabe moto utachitika. Kuti zigawo zochokera m'mashopu osiyanasiyana zilowane popanda kuzipala ndi tupa, miyeso inayenera kukhala yofanana, ndipo apa Leland anathandiza kwambiri. Mkuluyu anaphunzira ntchito m'mafakitale a mfuti ndi ku Brown & Sharpe, kumene ankapanga zida zoyezera, ndipo sankalola chitsulo kutuluka m'shopu mwake chitaphonya muyeso. M'fakitale ya Olds galimoto yosatha ankaiika pa choikapo cha mawilo n'kumaikankha kuchoka pa gulu lina la antchito kupita pa lina, gulu lililonse ndi ntchito yake. Lamba woyenda yekha wa Henry Ford anadzabwera mu 1913 ku Highland Park, koma maganizo oti galimoto ipite kwa wantchito, osati wantchito kuzungulira galimoto, anali atayamba kale kwa Olds.

Kuipa kwake kunadza pang'onopang'ono. Maoda a Olds anali aakulu kuposa amene mashopuwa anawaonapo, ndipo anawapatsa ndalama, makina atsopano ndi chidziwitso cha galimoto. Mainjiniya a Leland anakonza injini ya Olds mpaka inafika mphamvu ya akavalo 10, koma a Olds Motor Works anaikana poopa mtengo wosintha makina ndi kuchedwetsa maoda. Mu Ogasiti 1902 Leland anaitanidwa kukawerengera katundu wa Henry Ford Company, imene eni ndalama ankafuna kuitseka atasemphana ndi Ford. Iye anawaonetsa injini yokanidwa ija n'kuwalangiza kuti asatseke. Kampaniyo ndi imene inasanduka Cadillac. Abale a Dodge nawo mu 1903 anasiya ntchito ya Olds n'kupita kukapangira Ford Motor Company, kumene kuwonjezera pa malipiro anapatsidwa masheya 10 pa 100 alionse. Mu 1914 anayamba kupanga galimoto za dzina lawo. Briscoe anagwirizana ndi Jonathan Maxwell, amene anagwirapo ntchito kwa Olds, n'kuyambitsa Maxwell-Briscoe.

Taonani kusiyana kwake. Kwa Olds abale a Dodge anali olandira oda basi. Ford, amene panthawiyo analibe ndalama zowalipira mokwanira, anawamanga ndi masheya, ndipo anakhala naye zaka khumi. Sindikunena kuti Olds akanatha kuwasunga onsewa, chifukwa anthu a luso lotere sakhalitsa pansi pa wina. Koma kukana injini ya Leland ndimakuona ngati kulakwa koyamba kwakukulu kwa kampaniyi. Anawerengera mtengo wosintha makina, osawerengera mtengo wa injiniyo ikakhala m'manja mwa wopikisana naye.

Ulendo wa ku New York

Kumapeto kwa Okutobala 1901 kampani inatuma mnyamata wa zaka 21, Roy D. Chapin, woyesa galimoto, kuti ayendetse Curved Dash kuchokera ku Detroit kukafika ku New York pa chionetsero cha galimoto ku Madison Square Garden. Mtunda wake unali makilomita pafupifupi 1,300. Anadzera ku Ontario, m'dziko la Canada, n'kubwerera ku America cha ku Niagara, ndipo matope atamukwana anasiya msewu n'kumayenda m'kanjira ka m'mbali mwa ngalande ya Erie Canal, momwe nyulu zinkadutsa pokoka maboti. Matayala ankaphulika kawirikawiri, ndipo panjira anakonza magiya ndi masipuling'i. Anafika patatha sabata imodzi ndi masiku pang'ono, ali matope thupi lonse, moti mlonda wa pakhomo pa hotela ya Waldorf-Astoria anamukaniza kulowa. Pa chionetserocho wogulitsa wina wa ku New York, Ray M. Owen, anavomera kutenga galimoto 1,000.

Manambala anayenda motere: galimoto 425 mu 1901, pafupifupi 2,500 mu 1902, pafupifupi 4,000 mu 1903, ndi zoposa 5,000 mu 1904. Mu 1903, pa galimoto zitatu zilizonse zopangidwa ku America imodzi inali ya Olds, ndipo kampaniyi ndi imene inali patsogolo. Anthu a ku Lansing, pofuna kubweza mwana wawo kwawo, anapereka malo a maekala 52 pamene kale pankachitikira chionetsero cha zaulimi, ndipo fakitale yachiwiri inamangidwa pamenepo. Pofika 1905 ntchito yonse inali itasamukira ku Lansing. Chapin naye sanakhalitse. Anachoka ndi anzake angapo, ndipo mu 1909 anali mmodzi mwa oyambitsa Hudson Motor Car Company.

Mkangano

Samuel Smith atakalamba, mphamvu za banja zinagwera kwa Frederic. Iye ndi Olds sankamwerana madzi. Nkhaniyi kawirikawiri amaifupikitsa kuti Olds ankafuna galimoto yotsika mtengo ya anthu ambiri, pamene Frederic ankafuna galimoto zazikulu za olemera. Zimenezi zili ndi choonadi chake, koma si zonse.

Frederic ndiye ankayang'anira malonda, ndiye madandaulo a ogula ndi ogulitsa ankafikira pa tebulo pake. Ankadandaula kuti galimoto zikutuluka zisanayenderedwe mokwanira, ndipo ankafuna kuti Olds azitsimikizira kuti iliyonse yotuluka ilibe chilema. Ankaonanso kuti ogula ayamba kufuna galimoto za anthu anayi kapena asanu, za injini kutsogolo ndi chiwongolero chozungulira, monga zinkabwera kuchokera ku France, ndipo kagalimoto kooneka ngati ngolo kakanatha fasho posachedwa. Olds, amene anakulira m'shopu ya bambo ake akulamula yekha, sankafuna kuuzidwa za m'fakitale ndi munthu wa m'ofesi. Mu 1903 Frederic anakhazikitsa chipinda choyesera mapangidwe atsopano osamuuza Olds. Kwa mmisiri chipongwe choposa apa palibe. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo pa msonkhano wa mu Januwale 1904 Olds anachotsedwa pa udindo woyang'anira ntchito. Anagulitsa masheya ake n'kuchoka. Dzina lake linatsala pa chikwangwani, pakuti linali katundu wa kampani.

Pali nkhani ina ya m'mbali imene imaonetsa kaganizidwe ka Frederic. Mu 1903 makampani angapo anapanga bungwe la Association of Licensed Automobile Manufacturers, limene linkatolera ndalama pa chiphaso cha George B. Selden, loya amene boma linamupatsa umwini wa luso la galimoto ya petulo mu 1895. Frederic anali mtsogoleri wa bungweli, ndipo ndi iye amene anauza a Ford kuti sangalandiridwe. Ford anapitiriza kupanga galimoto popanda chilolezo chawo, mlandu unatenga zaka, ndipo mu Januwale 1911 khoti la apilo linagamula mokomera Ford. Frederic ankaganiza zoteteza msika potseka chipata. Amene anamutsekera ndi amene anadzatenga msika wa galimoto yotsika mtengo, umene Olds Motor Works inausiya yokha.

Njira ziwiri

Olds sanakhale nthawi yaitali. Mu Ogasiti 1904 anthu a ndalama a ku Lansing anamuyambitsira kampani ina. Ulendo uno anatenga masheya 52 pa 100 alionse, umboni wakuti phunziro la 1899 linamulowa. Poyamba anaitcha R. E. Olds Company, koma a Smith anaopseza kuti akasuma chifukwa cha dzinalo, ndiye anangotenga zilembo zoyamba za maina ake n'kuitcha Reo Motor Car Company.

Chimene chimandichititsa kukayikira nkhani yofupikitsidwa ija ndi galimoto imene Olds anatsogoza ku Reo. Inali ya anthu asanu, ya masilinda awiri, ya chiwongolero chozungulira, pa mtengo wa madola 1,250. Yaing'ono ya silinda imodzi inaliponso, koma yaikuluyo ndi imene inali patsogolo. Ndiye kuti Olds ankaona zimene Frederic ankaona pa msika. Chimene sankavomera chinali kulamulidwa. Pofika 1907 Reo inkagulitsa galimoto zambiri kuposa Olds Motor Works ndipo inali m'gulu la makampani anayi aakulu a ku America.

Ku Olds Motor Works zinthu zinayamba zayenda bwino. Mu 1905 anagulitsa galimoto pafupifupi 6,500, ndipo chaka chomwecho ma Curved Dash awiri anapikisana kuchokera ku New York mpaka ku Portland, m'chigawo cha Oregon. Wopambana, wotchedwa Old Scout, anafika patatha masiku 44. Koma a Smith anali ataika kale mtima pa galimoto zazikulu za masilinda anayi, kenako asanu ndi limodzi, za mtengo wopitirira madola 2,000. Kumeneko anakumana ndi makampani monga Packard, Peerless ndi Pierce-Arrow, amene olemera ankawadziwa kale, pamene dzina la Oldsmobile anthu ankalidziwira kagalimoto ka dokotala wa kumudzi. Malonda anatsika kufika pansi pa 2,000 mu 1906, ndipo pofika 1908 anali pang'ono chabe pamwamba pa 1,000. Curved Dash inasiya kupangidwa mu 1907, zitatuluka pafupifupi 19,000. Pa nthawi yomweyo Ford anatulutsa Model N mu 1906, ya masilinda anayi pa mtengo wosapitirira wa Curved Dash, kenako Model T mu Okutobala 1908. Kampani inadzaza ngongole, ndipo yambiri inali ya kwa Samuel Smith mwiniyo, amene ankangothira ndalama kuti bizinesi ya ana ake isagwe.

Mmene ndikuionera

Ndikaika zonse pamodzi, sindipeza woyera mtima ndi woipa. Frederic Smith sanalakwe ponena kuti Curved Dash ikukalamba. Analakwa pa mankhwala ake. Kagalimotoko kankafunika wolowa m'malo wa mtengo womwewo koma wamakono, monga Ford anadzachitira, osati kusamukira ku msika wina kumene kampani inalibe mbiri, ogulitsa oyenera ngakhale amisiri ozolowera. Ndipo anachita zimenezi atangothamangitsa munthu amene antchito ambiri aluso ankamutsatira, moti ena anapita naye ku Reo.

Olds naye ali ndi mbali yake. Madandaulo a ogula anali enieni, ndipo mmisiri amene amamva funso lililonse la mnzake wa ndalama ngati chipongwe amadzikumbira yekha dzenje. Komanso atapeza ulamuliro wonse ku Reo sanaugwiritse ntchito kwambiri. Kampani itangoyima bwino anayamba kusiyira ena ntchito za tsiku ndi tsiku n'kumatanganidwa ndi zina, monga makina otchetchera kapinga ndi malo amene anagula ku Florida n'kuyambitsapo tauni ya Oldsmar mu 1916. Reo inadzadziwika kwambiri ndi malole, makamaka Speed Wagon ya mu 1915, ndipo inasiya kupanga galimoto zonyamula anthu mu 1936.

Amisiri amene ndimakhala nawo pansi ndimawafunsa zinthu zimene pangano la 1899 silinamutetezere Olds. Kodi dzina lanu likalowa m'kampani, mukadzachoka mudzatuluka nalo? Kodi wosankha chopanga ndani, ndipo zalembedwa pati? Kodi amene mukugwirizana naye lero ndi yemwe mudzakhale naye zaka zisanu zikubwerazi, kapena adzakhala mwana wake? Funso lomalizali ambiri amaliseka, koma Olds anapangana ndi Samuel n'kudzachotsedwa ndi Frederic.

Kugulidwa ndi General Motors

William C. Durant, amene anali atadzutsa kampani ya Buick ku Flint, mu 1908 ankafuna kuphatikiza makampani aakulu a galimoto. Zokambirana zoyamba, zimene Benjamin Briscoe uja anali nawo pakati, zinakhudza Buick, Maxwell-Briscoe, Ford ndi Reo. Zinalephereka pamene Ford anafuna kulipidwa ndalama zenizeni, madola 3 miliyoni, osati masheya, ndipo Olds atamva anati nayenso afuna chimodzimodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo Olds anali atalawapo kale kukhala ndi masheya ochepa m'kampani ya eni.

Durant anapita yekha. Anakhazikitsa General Motors pa 16 Sepitembala 1908, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anagula Olds Motor Works pa mtengo wopitirira pang'ono madola 3 miliyoni, pafupifupi wonse wolipidwa ndi masheya a General Motors. A Smith anachoka chaka chotsatira. Ransom Olds anamwalira ku Lansing pa 26 Ogasiti 1950, dzina lake likadali pa galimoto za kampani imene anaisiya zaka 46 m'mbuyomo, ndipo linakhalapobe mpaka pa 29 Epulo 2004, pamene Oldsmobile yomaliza, Alero, inatuluka m'fakitale ya mumzinda womwewo.

Durant atafika ku Lansing kudzaona chimene wagula, anapeza kuti kulibe galimoto yatsopano yoti n'kugulitsa chaka chotsatira. Anaitanitsa thupi la Buick Model 10, galimoto yaing'ono imene inkayenda malonda, n'kuuza antchito kuti alicheke ndi sowo m'litali ndi m'lifupi. Zidutswa zinayizo anazitalikitsa pang'ono, n'kunena kuti apange galimoto ya kukula kumeneko, aiike chizindikiro cha Oldsmobile. Inatuluka ngati Model 20 pa mtengo wa madola 1,200, ndipo pa galimoto zoposa 6,000 zimene Oldsmobile inagulitsa mu 1909, zambiri zinali zimenezi.